Dziko loyamba kulengeza matenda nthawi zambiri si gwero lake

Anthu ambiri amakhulupirira kuti dziko limene layamba kulengeza za matenda atsopano ndiko kumene matendawo achokera, choncho kuletsa ndege zochokera kumeneko n'kokwanira kuteteza maiko ena. Maganizo amenewa ndi akalekale koma ndi olakwika. Mliri wa chimfine wa mu 1918 anthu anaunamizira dziko la Spain chifukwa chakuti nyuzipepala zake zinkalemba momasuka, pamene maiko omwe anali pankhondo ankabisa nkhaniyo.

Zomwezi zinachitikanso mu 2021. Pa 24 November, akatswiri a ku South Africa anadziwitsa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO za mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid-19, womwe unatchedwa Omicron. Patangopita masiku ochepa, Britain ndi United States anatseka zitseko kwa apaulendo ochokera kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, ndipo Pulezidenti wa Malawi wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anadzudzula poyera mchitidwewu. Komatu pambuyo pake akuluakulu a zaumoyo ku Netherlands anapeza Omicron mwa anthu omwe anayezedwa pa 19 ndi 23 November, South Africa isanalengeze n'komwe. Kachilomboka kanali katafalikira kale, chifukwa munthu amatha kukwera nako ndege asanayambe kudwala.

Chopweteka kwambiri n'chakuti chiletso chotere chimalanga dziko lomwe lanena zoona, ndipo chingachititse maiko ena kubisa zomwe apeza. Malamulo a zaumoyo a maiko onse a mu 2005 amafuna kuti zoletsa maulendo zikhale ndi umboni wa sayansi. Britain inachotsa chiletso chake pa 15 December, Omicron itadzaza kale m'dzikomo.