Kodi kutsukitsa mapaipi a mpweya m'nyumba n'kothandiza?

Uthenga uno ukupita makamaka kwa abale athu amene akukhala ku America ndi ku Canada, kumene nyumba zambiri zimatenthetsedwa ndi kuziziritsidwa ndi mpweya woyenda m'mapaipi obisika m'makoma, kudenga ndi pansi pa nyumba. Kumeneko mapaipiwa amawatcha air ducts. Ngati muli ku Britain, kumene nyumba zambiri zimafunda ndi madzi otentha oyenda m'ma radiator, nkhani ya mapaipiyi sikukukhudzani kwenikweni, koma mbali yomaliza ya uthengawu muiwerenge ndithu.

Amene wakhalako chaka chimodzi chokha akudziwa mmene zimayambira. Foni imalira, munthu wosamudziwa n'kunena kuti anyamata ake ali m'dera lanu sabata ino. Kapena mumapeza kapepala pakhomo, kapena uthenga pa Facebook: nyumba yonse madola 99 okha. Pambali pake aikapo chithunzi cha mkati mwa paipi, fumbi lili mbuu ngati bulangete lakale, ndi mawu akuti ana anu akupuma zimenezi. Kholo lililonse mtima umagunda. Ife tinakulira m'nyumba zimene mpweya umalowera pazenera, ndiye za makina amenewa timangomvera eni ake.

Yankho lake ndi ili: m'nyumba zambiri, kutsukitsa mapaipiwa sikusintha thanzi la munthu aliyense. Kulipo pamene kumafunika, koma ndi pochepa, ndipo mukhoza kupazindikira nokha.

Zimene akatswiri anapeza

Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, la EPA, linatulutsa chikalata pa nkhaniyi mu 1997, ndipo mfundo zake likuzigwiritsabe ntchito. Limanena mosabisa kuti palibe umboni woti kutsuka mapaipi a mpweya kumateteza matenda. Palibenso kafukufuku amene anatsimikiza kuti fumbi la m'mapaipi ndilo limachulukitsa fumbi m'zipinda. Ku Canada, bungwe la boma loona za nyumba la CMHC linayeza mpweya m'nyumba 33 mumzinda wa Montreal m'zaka za m'ma 1990, mapaipi asanatsukidwe komanso atatsukidwa. Kusiyana kooneka kunalibe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva mukadziwa mmene makinawo amagwirira ntchito. Fani yaikulu imene ili mu furnace, makina otenthetsa nyumba aja, imakoka mpweya wa m'zipinda, kuudutsitsa pa sefa, kuutenthetsa kapena kuuziziritsa, kenako kuubweza m'zipinda kudzera m'mapaipi ena. Fumbi limene latsalira m'njiramo limakakamira kuzitsulo, n'kukhala pomwepo zaka ndi zaka. N'loipa kuliona, inde, koma lili phee. Fumbi limene mukupumadi ndi limene limadzuka mukamayenda pa kapeti, mukamakutumula zofunda, mukamasesa, komanso utsi wa mafuta a pamoto ndi wa fodya. Lina limalowa ndi nsapato.

Choonjezera apo, wotsuka wosadziwa ntchito akhoza kukusiyirani mpweya woipa kuposa mmene anaupezera. Akasokosa fumbi lija ndi bulashi pamene makina ake okoka fumbi ndi ofooka, lonse limathera m'chipinda chogona. Mapaipi ena ndi ofewa, opangidwa ndi pulasitiki yokulungidwa pa waya, ndipo sachedwa kung'ambika.

Suzumirani nokha

Musanalipire aliyense, tengani tochi ndi foni yanu. Chotsani chivindikiro cha pabowo lina lotulukira mpweya; za pansi zambiri zimangozuka ndi manja, za pakhoma zimafuna kumasula masikulu awiri. Lowetsani dzanja ndi foni, mujambule. Kawirikawiri mupeza fumbi lopyapyala lotuwa, batani la malaya, kandalama, mwina kachidole kamene mwana analira nako chaka chatha. Zimenezo si matenda. Kokani ndi makina anu a fumbi pamene dzanja likufika, tsukani chivindikirocho ndi sopo, chiume, mubwezeretse. Zivindikiro za mabowo okokera mpweya zimada msanga chifukwa fumbi la m'chipinda limadutsa pomwepo, ndipo kuda kwake sikutanthauza kuti mkati monse mwaola.

Pamene kutsuka kuli koyenera

A EPA amatchula zinthu zitatu. Choyamba ndi chuku chambiri chooneka ndi maso mkati mwa mapaipi achitsulo kapena pa makinawo. Chachiwiri ndi makoswe, mbewa kapena tizilombo ngati mphemvu zitamanga mudzi m'menemo. Chachitatu ndi fumbi ndi zinyalala zochuluka mpaka kutseka njira, kapena fumbi lochita kuoneka likutuluka pamabowo makina akayaka. Chachitatuchi chimachitika kawirikawiri nyumba ikangokonzedwa kumene, amisiri atacheka matabwa ndi kupala makoma makina ali chiyakire. Mukamakonzetsa nyumba, zimitsani makinawo ndipo mumate mabowo onse ndi pepala la pulasitiki mpaka ntchito itatha.

Pa chuku tiimepo pang'ono, chifukwa m'pamene anthu ambiri amadyeredwa masuku pamutu. Wotsuka wa madola 99 uja amatsikira ku basement, pakapita mphindi khumi n'kubwera nkhope ili yakugwa, akuti mwapezeka chuku choopsa, kuchichotsa ndi madola mazanamazana. Musathamangire. Muuzeni akuonetseni ndi maso anu, m'paipi yanu, osati pa chithunzi cha m'foni mwake chimene simukudziwa kumene anachijambula. Zinthu zambiri zakuda zimaoneka ngati chuku pamene ndi litsiro chabe, ndipo chotsimikizira ndi kutengako pang'ono ndi selotepi n'kukapimitsa ku labotale.

Ngati chilidi chuku, funso lalikulu ndi lakuti madzi akuchokera kuti. Chuku sichimera pouma. Mwina kambale kolandira madzi pansi pa makina oziziritsa katsekeka, mwina denga likudontha, mwina makina owonjezera chinyezi sakusamalidwa. Kutsuka popanda kukonza pamenepo n'kutunga madzi ndi dengu. Pakapita miyezi yochepa chimeranso. Komanso mapaipi ena ali ndi thonje la fibreglass mkati mwake. Thonje limenelo likanyowa n'kuchita chuku silitsukika. Lofunika kulichotsa n'kuika lina, ndipo wokuuzani kuti alipopera mankhwala likhala bwino akukunamizani.

Za makoswe nazo zili ndi chenjezo lake. Ndowe ndi mkodzo wa mbewa zina za kumeneko zimakhala ndi kachilombo ka hantavirus, kamene kamagwira mapapo munthu akapuma fumbi lake. Mukaziona musasese kapena kukoka ndi makina zili zouma. Valani magolovesi, nyowetsani ndi jiki wosungunula, kapu imodzi pa makapu 9 a madzi, dikirani mphindi 5, ndiye mupukute ndi pepala n'kutaya. Zikakhala mkati mwa mapaipi, imeneyo ndi ntchito ya akatswiri, ndipo ayambe atseka polowera makoswewo.

Ngati mukuchita lendi, zonsezi zimakhala za mwini nyumba nthawi zambiri. Jambulani, mulembereni uthenga, ndipo musunge. Musatulutse ndalama zanu musanawerenge pangano lanu la lendi.

Mukaganiza zoitana wotsuka

Safunsa anadya phula. Funsani mitengo kwa makampani atatu, yolembedwa papepala, yonena chimene atsuke. Chikalata cha EPA cha 1997 chija chinatchula madola 450 mpaka 1,000 pa makina a nyumba imodzi, ndiye ganizirani nokha ngati wa 99 angagwire ntchito yofanana. Ntchito yeniyeni imatenga maola angapo, ndipo imakhudza zonse: mapaipi opita ndi obwerera, fani, makina oziziritsa ndi kambale ka madzi kaja. Kutsuka mbali imodzi n'kusiya ina kumangobweza litsiro pomwe linali. Makina awo okoka fumbi azitulutsira panja, kapena akhale ndi sefa ya HEPA, yogwira ngakhale fumbi losalala kwambiri, ngati ali m'nyumba.

Wina akanena kuti kampani yake ndi yovomerezedwa ndi EPA, dziwani kuti bungwelo silipereka chiphaso chotero kwa otsuka mapaipi. Limene lili ndi malamulo a kagwiridwe ka ntchitoyi ndi bungwe la eni ntchitowo, la NADCA. Kukhala membala wake n'chizindikiro chabwino, ngakhale tisaiwale kuti ndi bungwe la anthu amene amadyera pomwepo.

Mankhwala opopera m'mapaipi muwakane pokhapokha atakuonetsani chuku chotsimikizika komanso botolo lolembedwa kuti ndi lololedwa pa ntchito imeneyo. Chilichonse chopoperedwa m'menemo chidzayenda ndi mpweya kufika pamene khanda lagona. Makina otulutsa ozone nawonso ayi, mpweya umenewo umapweteka mapapo, makamaka a odwala mphumu. Ndipo ngati nyumba inamangidwa isanafike 1980, afufuze kaye ngati zokutira mapaipi zilibe asbestos, amene akasokosedwa fumbi lake limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Tsiku la ntchitolo mukhalepo, ndipo akamaliza musuzumirenso ndi tochi yanu ija.

Nanga mwana akutsokomola?

Ngati wina m'banjamo ali ndi mphumu, kapena akuyetsemula ndi kutsokomola kosatha, yambani ndi dokotala osati wotsuka mapaipi. Zoyambitsa zake nthawi zambiri zili pafupi kwambiri: tizilombo tosaoneka ta m'matilesi ndi m'mapilo, mphemvu, ubweya wa mphaka kapena galu, utsi wa fodya, chinyezi cha kubafa. Kuchapa zofunda ndi madzi otentha sabata iliyonse ndi kuletsa fodya m'nyumba kumathandiza mwana wa mphumu kuposa galimoto ya otsuka itaima pakhomo.

Kumene ndalama zanu zingagwire ntchito

Sefa ndiye mlonda weniweni, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Isololeni pafupi ndi furnace, muikweze kuloza ku nyale. Ngati kuwala sikukudutsa, yatha. Kukula kwake kwalembedwa m'mbali, monga 16x25x1, ndipo pali kamuvi kamene kayenera kuloza kumene mpweya ukupita, ku fani. Ambirife timaika chozondoka ulendo woyamba, palibe chamanyazi. Lembanipo deti ndi bolopeni. Zopyapyala zimafuna kusintha pakati pa mwezi umodzi ndi itatu, msangako ngati muli ndi ziweto. Nambala ya MERV imasonyeza kusefa kwake: ikakwera, sefayo imagwira fumbi losalala kwambiri. Ya MERV 13 ndi yabwino ngati makina anu akuikwanitsa, chifukwa ena akale amabanika nayo, funsani mmisiri.

Kenako kukhitchini. Kaphikidwe kathu n'kotenga nthawi. Nyemba zimabwata maola awiri, nsima ikufuka nthunzi, pambali usipa umene alendo anabwera nawo kuchokera kumudzi ukukazingidwa, mazenera onse otseka chifukwa kunja kuli chipale. Nthunzi ndi utsi wonsewo ulibe kolowera. Yatsani fani ya pamwamba pa chitofu nthawi iliyonse mukuphika, ndipo mufufuze ngati imatulutsiradi panja, popeza zina zimangozunguliza mpweya momwemo. Ngati ndi choncho, tsegulani zenera pang'ono ngakhale kukuzizira. Chinyezi cha m'nyumba chizikhala pakati pa 30 ndi 50 peresenti. Kachipangizo koyezera n'kotsika mtengo. Madzi akatayika pa kapeti kapena kulowa m'khoma, aumitsidwe asanathe maola 48.

Pali paipi imodzi imene muyenera kuitsuka popanda kukambirana: yotulutsa mpweya wa makina oumitsira zovala. Tiulusi ta zovala timaunjikana m'menemo ndipo timagwira moto msanga. Bungwe la U.S. Fire Administration linawerengera kuti moto woyambira ku makinawa unkabuka m'nyumba pafupifupi 2,900 pa chaka ku America m'zaka za 2008 mpaka 2010, ndipo chifukwa chachikulu chinali kusatsuka. Chotsani tiulusi pa kasefa kake mukangomaliza kuumitsa, ndipo paipiyo itsukidwe kamodzi pa chaka. Mukaona zovala zikuchedwa kuuma, yayamba kutsekeka.

Mpweya umene umapha

Chodetsa nkhawa chenicheni pa furnace si fumbi koma carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu umene umatuluka gasi, mafuta, nkhuni kapena makala zikamayaka mosakwanira. Ife timaudziwa kale. Ndi womwe uja umatenga anthu kwathu m'miyezi ya June ndi July, munthu atagona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Ku America, bungwe la zaumoyo la CDC limati umapha anthu oposa 400 chaka chilichonse mwangozi, osawerengera ofa pa ngozi za moto.

Furnace yoyendera gasi kapena mafuta iyenera kuonedwa ndi mmisiri chaka chilichonse dzinja la kumeneko lisanayambe. Ikani alamu ya carbon monoxide pafupi ndi zipinda zogona ndi pa nsanjika iliyonse, ndipo muziyesa mabatire ake. Musawotche nyama pa makala m'galaja, ngakhale chitseko chili chotsekula, ngakhale alendo achuluke bwanji ndipo panja pakuzizira chotani. Magetsi akazima, jenereta ikhale panja, kutali ndi mazenera, ndipo uvuni wa gasi usasanduke chowothera.

Zizindikiro zake zimafanana ndi chimfine: mutu, chizungulire, kufooka, mseru, kusanza, mutu kusokonezeka, koma thupi osatentha. Chokutsinani khutu n'chakuti zimagwira anthu angapo nthawi imodzi, ndipo mukatuluka panja zimayamba kuchepa. Mukaona zotero, kapena alamu ikalira, tulutsani aliyense, muyambire ana ndi amene ali m'tulo. Imbani nambala ya zangozi (911 ku America ndi ku Canada) muli panja, ndipo musalowenso kukatenga chilichonse mpaka ozimitsa moto atayeza mpweya n'kukuuzani kuti mulowe.