Mowa wa ku Britain si wofunda ayi

Ambiri okonda mowa ku Germany amati mowa wa ku Britain ndi wofunda komanso wakufa, wopanda thovu. Akulakwitsa. Cask ale, mowa wa mumgolo wa m'mabala a ku Britain, amausunga m'chipinda cha pansi pa bala, pa madigiri 11 mpaka 13 Celsius. Kumeneko n'kuzizira ndithu, kungoti sikufika pa Pils, mowa wofala ku Germany, wotuluka m'firiji. Thovu limachepa chifukwa sathiramo mpweya: yisiti imapitiriza kuwiritsa mowawo mumgolo momwemo, kenako amaukoka ndi pampu ya pamanja. Mukauziziritsa mopitirira, kukoma kwa chimera kumabisala, ndiye mwangotaya ndalama.

Chosekera n'chakuti mowa wa Altbier wa ku Düsseldorf ndi wa Kölsch wa ku Köln, mizinda ya ku Germany komweko, amaufulula ndi yisiti yoyandama pamwamba, chimodzimodzi mowa wa ku Britain akuunyozawo.