Mkangano wa muyeso wa spin: chiyambi chake

Bungwe la United Nations linasankha 2025 kukhala chaka cha sayansi ya quantum, ndipo chaka chomwecho panakwana zaka 100 chiyambire nkhani ya spin. Mu 1925 anyamata awiri a ku Leiden, ku Netherlands, George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit, ananena kuti elekitironi iliyonse, kanthu kakang'ono ka mu atomu konyamula magetsi, ili ngati kamaginito chifukwa cha khalidwe lake lotchedwa spin. Kuno ku Chirunga, m'munsi mwa phiri la Zomba, ophunzira a physics amaiwerenga ngati nkhani yatha kale, chonsecho mbali ina ikadali pamkangano: muyeso wa mmene magetsi ndi spin zimasandulirana.

Mu 1988 Albert Fert ndi Peter Grünberg anapeza GMR (kusintha kwakukulu kwa kayendedwe ka magetsi chifukwa cha maginito), imene inakulitsa malo osungira zinthu m'makompyuta, nalandira mphoto ya Nobel mu 2007. Akatswiri anayamba kufunafuna njira yosandutsira spin kukhala magetsi, ndi magetsi kukhala spin, popanda kudya moto wambiri. Amene foni inamutherapo moto magetsi atathima akudziwa phindu lake. Chiyembekezo chinagwera pa zinthu zotchedwa topological insulator, monga bismuth selenide: mkati mwake magetsi sayenera kudutsa, amangoyenda pamwamba, ndipo pamwambapo komwe spin ikuloza kumadalira komwe elekitironi ikulowera.

Mu 2014 m'pamene zinasokonekera. Gulu la m'mayunivesite a Cornell ndi Penn State ku America linadutsitsa magetsi mu bismuth selenide, n'kuyeza mmene akukankhira maginito oikidwa pamwamba pake, ndipo nambala yosonyeza mmene magetsi akusandukira spin inatuluka pakati pa 2 ndi 3.5, pamene platinum imapereka pafupifupi 0.1. A ku yunivesite ya UCLA, ndi topological insulator ina yothiridwa chromium yozizitsidwa mpaka 1.9 K (pafupifupi -271 °C), anapeza nambala yodutsa 100. A ku Singapore anayambira mbali inayo: anagwedeza maginito ndi mafunde a microwave kuti spin ilowe mu bismuth selenide, n'kuyeza magetsi otuluka. Anapeza pafupifupi 0.01. Zili ngati pamsika wa Zomba wina akuyeza chimanga ndi ndowa, wina ndi mbale, onse n'kumati muyeso ndi umodzi.

Sindikuganiza kuti alipo ananama. Bismuth selenide kawirikawiri imapereweredwa maatomu a selenium, choncho mkati mwake magetsi amadutsa ndithu, ndipo kulekanitsa za mkati ndi za pamwamba n'kovuta. Microwave imatenthetsa chinthucho, ndipo kutenthako kumabala magetsi akeake. Ngakhale nambalayo sagwirizana: za pamwamba ena amazilemba m'ma nanometer, ena amazilemba ngati chiwerengero chabe.

Komabe mtima wanga uli kwa amene anapeza manambala ang'onoang'ono, chifukwa ntchito yawo sinatchuke ngakhale inali yosamala. Mu 2017 gulu la ku Tokyo linasonyeza kuti pa miyeso ya kozizira kuja, gawo lalikulu la magetsi amene ankaoneka likhoza kuchokera ku mafunde a m'maginito otchedwa magnon, osati ku mphamvu imene ankafuna kuyeza.