Chikwama cha dola n'chabwino, kabotolo kopanda dzina ayi

Ndatopa kumva kuti zodzola zoyeretsa khungu "ndi mafuta chabe." Sabata siyitha pa famase yomwe ndimagwira ntchito m'tauni muno mu Harare osabwera mayi kapena mtsikana, nthawi zina ngakhale mnyamata, masaya atafiira, tiziphuphu tofanana msinkhu titadzaza pachipumi, kudzafunsa ngati tili ndi "kamphamvuko" koposa kamene akudzola. Ndikati tandionetsani kamene mukudzolako, m'chikwama mumatuluka kachubu ka Movate kapena Diproson, apo ayi kabotolo kopanda dzina kamene anawasakanizira mayi wina wotsatsa malonda pa WhatsApp. Amenewo si mafuta odzola. Mu Movate muli clobetasol, mu Diproson muli betamethasone, ndipo onsewa ndi mankhwala a steroid amphamvu amene dokotala amalembera munthu wodwala khungu, kwa masabata owerengeka, pa malo odwalawo basi. Kumaso sitifuna n'komwe kuti clobetasol afikeko pokhapokha dokotala atanena.

Musandimve molakwa. Sindidana ndi zotchipa. Ndalama zavuta, ndipo munthu wa maso akuthwa akalowa m'mabhero, mogulitsa zovala za kaunjika, ku Mbare, kapena kuzungulira ku Gulf Complex ndi pa flea market ya ku Avondale, amatha kutulukako ndi jekete, lamba ndi chikwama zoti Lamlungu ku tchalitchi anthu n'kumamufunsa kumene anagula. Inenso mabulauzi anga ambiri ndi a m'mabhero. Chapani, sitani, valani. Chikwama chikang'ambika zipi mwataya madola awiri, nkhani yathera pomwepo. Ndolo ndi zibangili zotchipa vuto lake n'limodzi, nickel, chitsulo chimene chimayabwitsa anthu ambiri. Khutu likayamba kunyerenyetsa ndi kutuluka timadzi mukavala ndolo inayake, ivuleni musadzaivalenso, mufune za surgical steel. Ndipo ngati kwanu kuli anthu amene zipsera zawo zimatupa n'kukula, musaboole khutu cha pamwamba, polimba paja, kwa munthu wa mumsewu, chifukwa chipsera chotere chikamera, ngakhale achidule chimakonda kubwereranso. Za ndolo n'zomwezo.

Nkhani imasintha chinthu chikakhala choti chilowe m'khungu. Steroid amafinya timitsempha ta magazi ndi kuziziritsa kutupa, n'chifukwa chake sabata yoyamba nkhope imaoneka yosalala, yoyererako, ziphuphu zitagona. Apo m'pamene munthu amakodwa. Mankhwala omwewo amapyapyalitsa khungu pang'onopang'ono, amafooketsa chitetezo chake, timitsempha tofiira timayamba kuonekera, tsitsi limamera m'masaya, mizere yong'ambika imatuluka m'khwapa ndi m'ntchafu. Mukasiya masiku ochepa nkhope imatentha n'kufiira, ndiye mumabwerera ku kachubu kaja poganiza kuti ndiko kakukuthandizani. Amene amadzola thupi lonse kwa miyezi yambiri, mankhwalawo amalowa m'magazi, shuga ndi BP zimatha kukwera, ndipo bala, ngakhale la opaleshoni ya pobereka, limachedwa kupola.

Pali mtsikana mmodzi amene sachoka m'mutu mwanga. Ndi wa ku Mabvuku, agogo ake anachokera ku Dedza, ndipo atangomva kuti ndikulankhula Chichewa ndi kasitomala wina anadikira mpaka anthu onse atachoka. Anali atadzikulunga sikafu m'khosi kunja kukutentha, mu Okutobala. Chimene chinayamba chinali chipere chimodzi pansi pa chibwano, kukula ngati kobiri. Chipere wamba, chimene kachubu ka clotrimazole kotchipa kakanachithetsa m'masabata ochepa. Mayi wina wa ku saluni anamupatsa mafuta osakaniza. Kuyabwa kunaleka m'masiku ochepa, iye n'kuyesa kuti wachira, ndipo anzake atayamba kumuyamikira kuti akuwala, anayamba kudzola nkhope yonse ndi khosi. Chipere sichinafe. Steroid sapha chipere, amangochotsa kuyabwa ndi mkombero uja timachidziwira nawo, kachilomboko kakufalikira mosangalala pansi pake. Pofika kwa ine chinali chitakuta tsaya, khosi mpaka kuseri kwa khutu, khungu litapyapyala moti timitsempha tinkawerengeka.

"Amayi, ukwati wanga ndi mwezi wamawa. Palibe paudala woti angobisa?"

"Mwana wanga, paudala sangabise izi, angowonjezera moto. Pita kuchipatala akakupale pang'ono khungu, akaone ngati n'chipere. Mwina ufunika mapiritsi, osati zodzola zokha."

Sanapite. Anabweranso patapita nthawi, ukwati utachitika kale, ndipo anandiuza kuti anabwerera kwa mayi uja, amene anamutsimikizira kuti kutenthako ndi "poizoni akutuluka" n'kumugulitsa botolo lina lokwera mtengo. Chiperecho pambuyo pake chinachira atalandira mankhwala oyenera. Mizere ya m'khosi ija siidzatha. Chimandiwawa n'chakuti mwanayu sanayambe ndi kufuna kuyera ayi, anali ndi nthenda yeniyeni, yaing'ono, yochizika mosavuta, ndipo amene anamupeza koyamba anali munthu wogulitsa. Mawu akuti "poizoni akutuluka" ndimawamva kawirikawiri. Khungu likamatentha ndiye kuti likuwonongeka, palibe poizoni amene akutuluka.

M'mabotolo osakanizawo simukhala steroid yekha. Nthawi zambiri amathiramo hydroquinone. Madokotala amamugwiritsa ntchito, inde, pa mawanga akuda, mwa muyezo ndi kwa miyezi yochepa. Akadzoledwa zaka pa dzuwa la Harare, mzinda uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, amabweretsa chinthu chotchedwa ochronosis: masaya ndi m'mbali mwa maso mumada bii, kuda kosakanikira ndi kubiriwira, khungu n'kukhala lokhakhala. Madokotala a ku South Africa anafotokoza vutoli mu 1975 pa amayi odzola zoyeretsa khungu, ndipo mpaka lero ndi lovuta kwambiri kuchiza. Mayi akaona kudako amawonjezera mafuta omwewo, kudako n'kumakulirakulira. Mwina mulinso mercury, amene pa chikuto, ngati alembedwa n'komwe, amalembedwa kuti calomel kapena mercurous chloride. Ameneyu amawononga impso ndi mitsempha, amafika kwa mwana ali m'mimba, ndiponso amatsalira pa mathawulo ndi zofunda zimene ana akugwiritsa ntchito. Mgwirizano wa mayiko wa Minamata wa mu 2013 unaletsa zodzoladzola zokhala ndi mercury woposa gawo limodzi pa miliyoni, koma mgwirizano suyendera matebulo a mumsewu. Bungwe la MCAZ ndilo limavomereza mankhwala muno mu Zimbabwe. Kabotolo kosakanizidwa kuchipinda kwa munthu sikanadutse kumeneko.

Za paudala ndi lipisitiki sindikuphunzitsani, mukuzidziwa kuposa ine. Sukusulani musanagone, chapani kasiponji ndi maburashi ndi sopo kamodzi pa sabata, muziumitse padzuwa. Pa chikuto pamakhala kachithunzi ka kabotolo kotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, kutanthauza miyezi imene chinthucho chingakhale chikatsegulidwa. Koma maso ndiye ndimakalipa. Mascara akakwana miyezi itatu tayani, akauma musathiremo madzi, ndipo malovu musayerekeze n'komwe. Musabwerekane wanja kapena mascara, ngakhale pa tsiku la ukwati pamene atsikana onse operekeza akupakidwa ndi munthu mmodzi ndi burashi imodzi. Nsidze zomata zija, guluu wake akhale wa nsidze. Ndaonapo zikope zitatupa chifukwa cha guluu womatira mawivi, ngakhale supagulu. Diso likafiira n'kumapweteka, likamaopa kuwala kapena mukamaona mwachimbuuzi, limenelo si la mawa. Pitani ku kiliniki tsiku lomwelo, akaona kuti n'zazikulu akutumizani ku Sekuru Kaguvi, chipatala cha maso cha ku Parirenyatwa. Musadonthezemo mkaka wa m'mawere kapena madzi a shuga, komanso musagule mankhwala a m'maso a steroid popanda kupimidwa, chifukwa ngati pa diso pali kachilonda angathe kukuchititsani khungu.

Ambiri a inu chimene mukufuna si kuyera, ndikudziwa. Mukufuna ziphuphu zithe ndi mawanga amene zimasiya. Zimenezo zili ndi mankhwala ake osawononga: benzoyl peroxide kapena salicylic acid pa ziphuphu, azelaic acid kapena niacinamide pa mawanga, ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 m'mawa uliwonse. Inde, ife akuda tikufunikanso zoteteza ku dzuwa, chifukwa dzuwa ndilo limadetsa mawangawo. Choipa chake n'chakuti zimachedwa. Muyembekeze masabata 6 mpaka 8 musanaone kusintha pa ziphuphu, mawanga miyezi ingapo. Aliyense wolonjeza kusintha m'masiku atatu akukugulitsani steroid, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Tsopano kwabweranso majekeseni ndi madiripi a glutathione, amene amati amayeretsa khungu, obayidwa m'masaluni ndi m'nyumba za anthu. Wokubayaniyo sadziwa impso zanu, sadziwa chili m'botolomo, ndipo mukakomoka alibe chokudzutsirani. Ameneyo musamupatse mkono wanu.

Ngati mwadzola steroid kwa miyezi, makamaka thupi lonse, musangosiya nokha mwadzidzidzi kapena kulumphira ku botolo lina. Pitani ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko kapena kwa dokotala, mutenge machubu ndi mabotolo onse, ngakhale opanda dzinawo, ndipo munene zoona za nthawi imene mwakhala mukudzola. Akakupimeni BP ndi shuga, ndipo ngati ndinu woyembekezera kapena mukuyamwitsa, nenani poyambirira. Masabata oyamba nkhope idzatentha, idzasenda, idzadanso kuposa kale, ndipo apo m'pamene ambiri amathawira kwa wogulitsa uja. Muzidzola mafuta wamba opanda fungo ngati Vaseline, mupewe dzuwa, ndipo tsiku limene akuuzani kuti mubwerenso, bwererani.