Kwa okwera boti pa Cahora Bassa: longedzani SRO, ndipo wodwala asadikire kuti mufike

Mvula ikayamba, mbiri ya kolera imayambanso kumveka m'chigawo chathu cha Tete. Nthawi yomweyo ndiyo imene anthu amayenda kwambiri: ana atsekera sukulu, ena akupita kukadya Khirisimasi kwa abale ku Zumbo ndi ku Mágoè, ena akutsika kuchokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga kuti akaone nyanja kapena akagule kapenta. Uthenga uno ndi wochokera kwa ife azaumoyo, ndipo ndi wa aliyense amene akukonzeka kukwera boti kapena bwato, kaya ndi ulendo wokasangalala kaya wa geni.

Nyanja ya Cahora Bassa ndi yaitali. Kuchokera pa damu, kufupi ndi Songo, kukafika ku Zumbo pali mtunda wa makilomita pafupifupi 250, ndipo m'magombe ambiri chipatala chili kutali. Chimene mwanyamula m'chikwama ndicho chithandizo chokha chimene mudzakhale nacho kwa maola ambiri.

Kolera si mlendo kuno. Mu 2015 anavuta mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, ndipo mliri umene unayambira ku Niassa mu 2022 unafikanso kwathu kuno. Gwero lake mukulidziwa: tizilombo ta m'chimbudzi cha munthu timalowa m'madzi kapena m'chakudya, wina n'kumeza. Zizindikiro zimayamba pakadutsa maola 12 mpaka masiku 5. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akhoza kukwera boti ali bwinobwino, matenda n'kumugwira muli pakati pa nyanja.

Apa ndiye pagona nkhawa yathu. Munthu akayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba ali m'boti, anzake amati, "Ndi mafunde amenewo," kapena, "Ndi madzi achilendo, m'mimba muzolowera, tikaona tikafika." Mawu akuti tikaona tikafika ndiwo amapha. Chizungulire cha mafunde chimabweretsa mseru ndi kusanza, inde, koma sichitsegula m'mimba. Munthu amene akutulutsa madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga, mobwerezabwereza ndipo kawirikawiri popanda kupotokola m'mimba, mutengeni ngati wa kolera kufikira achipatala atanena zina. Kolera akakula, wamkulu amatha kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola limodzi. Wayamba m'mawa akhoza kumwalira dzuwa lisanalowe. Odwala kwambiri akapanda kuthandizidwa, mmodzi mwa anayi mpaka theka amamwalira, pamene akalandira madzi msanga omwalira sakwana mmodzi pa anthu 100. Kusiyana konseku kumachokera pa nthawi imene wodwala wayamba kumwa.

N'chifukwa chake choyamba kulowa m'chikwama ndi mapaketi a SRO, mankhwala a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, amene ambiri timangoti mistura, ndipo abale athu aku Malawi amati Thanzi. Amapezeka kuchipatala, kwa APE (wothandiza zaumoyo) wa m'mudzi mwanu ndi kufamasi. Paketi imodzi kapena awiri sakwana. Wamkulu amene madzi achepa m'thupi angafune malita ofika 6 pa tsiku loyamba lokha, ndiye kuti mapaketi 6 a munthu mmodzi. Banja linyamule osachepera 10. Akulungeni m'pepala la pulasitiki, mumange, muike m'chikwama chimene chidzakhale pamiyendo panu. Katundu wa m'boti amasanjikizidwa, pamwamba n'kubwera matumba a chimanga ndi njinga, ndipo SRO amene ali pansi pa zonsezo simungamutulutse boti lili pamadzi.

Pamodzi ndi mapaketiwo tengani botolo loyera la lita imodzi, kapu ndi supuni yaing'ono ya tiyi. Ngati botolo lanu ndi la lita imodzi ndi theka, yezerani kunyumba, mulembe mzere pamene pathera lita. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, osapungula, osaonjezera. Madzi akachepa mchere umachuluka, ndipo zimenezo n'zoopsa makamaka kwa mwana. Akachuluka, mankhwala amasukuluka. Musathiremo shuga wina kapena juwisi kuti akome. Amene watsala patapita maola 24 mutaye, mupange wina.

Kamwedwe kake ndi aka. Mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100, ndiye kuti kota kapena theka la kapu, nthawi iliyonse akatsegula. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka la kapu mpaka kapu yodzaza. Wamkulu amwe mmene angathere, ndipo azimwabe. Wakhanda mupatseni ndi supuni, pang'onopang'ono, ndipo amayi musasiye kuyamwitsa. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso mofatsa, supuni imodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Kusanza si chifukwa chosiyira, pakuti ngakhale akusanza madzi ena amatsalira m'thupi. Kwa ana tenganinso mapiritsi a zinki: mamiligalamu 20 pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo wosakwana miyezi 6 theka lake.

Mapaketi akatha kapena akanyowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Masupuniwo asakhale osefukira, akhale ophwathalala. Lawani: asawawe mchere kuposa misozi. Choncho kathumba ka shuga ndi kamchere zikhale m'chikwama momwemo.

Pali mchitidwe wina umene umatidetsa nkhawa kwambiri. Maboti ambiri alibe chimbudzi, ndiye anthu, makamaka amayi ndi atsikana, amasiya kumwa madzi kuyambira dzulo lake kuti asavutike panjira. Kutentha kwa kuno kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo munthu wotere amakwera boti thupi lili louma kale. Akayamba kutsegula m'mimba amabisa, amakana kumwa poopa kudziipitsira pamaso pa anthu. Ena amamana mwana madzi poganiza kuti kumwa ndiko kukuchulutsa kutsegula. Si zoona. Madzi akutuluka chifukwa cha poizoni wa tizilombo m'matumbo, ndipo atulukabe kaya wodwala wamwa kaya sanamwe. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani msanga. Abambo amene muli m'botimo, musaseke, musanyinyirike. Tembenukani, muwapatse malo amayi atchinge ndi kapulana.

Kuti manyaziwa asakugwireni, nyamulani kandowa ka chivindikiro, mapepala a pulasitiki olimba, kapulana wapadera wotchingira ndi sopo. Chimbudzi ndi masanzi a wodwala zisatayidwe m'nyanja, chifukwa pagombe lomwelo anthu akutunga, akutsuka nsomba, ana akusamba. Vindikirani ndowayo mpaka mufike kumtunda, mukathire m'chimbudzi. Ngati palibe, kumbani dzenje pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera kumadzi, mukwirire. Wosamalira wodwala asambe m'manja ndi sopo nthawi iliyonse, ndipo asagawe chakudya.

Tsopano madzi akumwa. Kuyang'ana nyanja yaikulu chonchija, munthu amaganiza kuti madzi ochuluka otere sangakhale ndi matenda, ndiye amangotunga ndi kapu m'mbali mwa boti. Musatero, ngakhale madziwo aoneke oyera bwanji. Chokani kunyumba ndi chigubu cha pakamwa papang'ono chodzaza madzi otetezedwa, malita osachepera 3 kapena 4 pa munthu pa tsiku m'nyengo yotentha, ndi ena apadera opangira SRO. Tenganinso botolo la Certeza, mankhwala a klorini othira m'madzi akumwa. Chitsekero chimodzi chimakwanira malita 20. Thirani, khutchumulani chigubu, mudikire mphindi 30 musanamwe. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: ludzu likawawa amathira n'kumwa nthawi yomweyo, mankhwala asanaphe tizilombo. Madzi akakhala a matope, monga amakhalira mitsinje ikasefukira, ayambe adikha, muwasefe pa nsalu yoyera, kenako muthire zitsekero ziwiri, chifukwa litsiro limatha mphamvu ya mankhwala. Botolo la Certeza lisakhale padzuwa, ndipo onani tsiku lotha ntchito musanagule. Mukagona pagombe ndipo nkhuni zilipo, kuphitsa madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu kumathandiza chimodzimodzi.

Mukamva wina akunena kuti mankhwala a m'madzi ndiwo amabweretsa kolera, mutsutseni mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Mphekesera imeneyi yaphetsa anthu m'zigawo zina za dziko lino, ndipo ogwira ntchito yoteteza zitsime avulazidwapo chifukwa cha iyo. Kafungo kamene mumamva m'madzi ndi ka klorini, yemweyo amene amathiridwa m'madzi a m'mipopi ya m'tauni. Amapha tizilombo, sabweretsa matenda.

Kamba wa paulendo akhale wouma kapena wotentha: chimanga chokazinga, mtedza, buledi, mabisiketi, nthochi ndi malalanje zosenda nokha. Pamadoko pewani saladi, madzi a m'timapepala, ayezi, ndi thobwa limene simukudziwa madzi ake. Nsomba yootcha idyedwe ikadali yotentha. Mpunga kapena nsima zogona m'kontena tsiku lonse padzuwa, zisiyeni.

Ena amanyamula mapiritsi oimitsa m'mimba kapena makapisozi ogula pamsika, n'kumaona ngati akonzeka. Mapiritsi amenewo sabwezeretsa ngakhale dontho limodzi la madzi otayika, ndipo oimitsa m'mimba ndi oopsa kwa ana. Choipa kwambiri, amachititsa anthu kukhala phee kudikira kuti agwire ntchito, nthawi n'kumapita. Zakumwa za m'botolo zotsekemera zili ndi shuga wambiri ndi mchere wochepa, zikhoza kuonjezera kutsegula. Kachasu ndi mowa zimaumitsa thupi. Amene munalandira katemera wakumwa wa kolera munachita bwino, koma sateteza kotheratu. SRO nyamulanibe.

Zizindikiro izi zikaoneka, madzi atha kwambiri m'thupi: maso alowa, liwombo la mwana lalowa, khungu la pamimba mukalitsina likuchedwa kubwerera, mkodzo wasiya, miyendo ikukokana, mawu asasa, manja azizira, wodwala walefuka kapena akulephera kumwa. Ameneyu akufunika dripi. Kwa inu eni maboti ndi oyendetsa, tikupemphani mwapadera: wodwala wotere akakhala m'boti mwanu, kochezani pa doko lapafupi limene lili ndi njira yopita kuchipatala, ngakhale si kumene mumapita. Mafuta owonongeka adzapezeka. Funsiranitu musananyamuke kuti zipatala zili pati m'njira yanu, ndipo m'boti muzikhala mapaketi anu a SRO. Pamene boti likulowera kudoko, wodwala azimwabe ngati angathe kumeza. Wokomoka musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali.

Zina zoti mulongedze tingozitchula mwachidule. Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena a TB, tengani opitirira masiku a ulendo ndi sabata yathunthu, chifukwa mphepo kapena injini zikhoza kukugonekani pagombe. Khadi lanu lakuchipatala ndi la kusikelo la mwana zikhale m'pulasitiki. Neti ya udzudzu ndi chingwe chomangira musasiye, pakuti kunyanja malungo satha. Tenganinso parasetamolo, bandeji, chipewa, tochi, ndi foni yodzaza moto yokulungidwa bwino, podziwa kuti netiweki imasowa m'malo ambiri. Wovutika ndi chizungulire akhale pakati pa boti, ayang'ane kutali kumtunda, adye pang'ono. Mapiritsi a chizungulire amamwedwa mphindi 30 mpaka ola limodzi musanakwere, ndipo amagonetsa, choncho woyendetsa asamwe. Jekete yoyandamitsa ivalidwe ndi kumangidwa, isakhale chokhalira. Ya mkulu simukwana mwana, imavuka akangogwera m'madzi. Boti likadzaza mopitirira, tsikani.

Kusambira m'mbali mwa nyanja kuli ndi zoopsa zake. Ng'ona ndi mvuu mukuzidziwa. Likodzo ndilo limaiwalika: timphutsi tochokera mu nkhono za m'madzi odikha timaboola khungu popanda kumva kuwawa. Madzi osamba muwatenthetse, kapena akhale m'ndowa masiku awiri. Kukodza magazi si chizindikiro cha kukula kwa mnyamata, ndi matenda, ndipo mankhwala ake a praziquantel alipo kuchipatala.

Amene muli ndi mwayi wokwera sitima zikuluzikulu zokasangalala, monga zochokera ku Durban kupita ku Ilha dos Portugueses kufupi ndi Inhaca, dokotala mumupeza momwemo koma ndi wolipira. Kumeneko chimene chimafala ndi kachilombo ka norovirus, koyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo mankhwala opaka m'manja sakapha bwino. Sopo ndi madzi ndiye njira. Nanunso tengani SRO, ndipo mukadwala nenani tsiku lomwelo.

Mukabwerera kumudzi, khalani tcheru. Malungo amayamba pakapita sabata kapena kuposerapo chilumireni udzudzu, ndiye thupi likatentha kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Likodzo limaonekera patapita masabata kapena miyezi. Kolera akhoza kuyamba mpaka masiku 5 mutatsika boti. Wina m'nyumba akayamba kutsegula madzi okhaokha, kaya ndi usiku, pangani SRO pomwepo, ayambe kumwa, mupite naye kuchipatala botolo lili m'manja akumwa m'njira, ndipo mukawauze anamwino kuti mwachokera kunyanja ndi madoko amene munaimapo, kuti anzanu amene munali nawo m'boti afufuzidwe msanga.