Musandiuze kuti mukusunga ndalama pamene khadi lanu lili kwa wakatapila

Pali mawu amene ndatopa kuwamva pa desiki yanga ya ngongole mu SACCO, bungwe limene mamembala ake amasungamo ndalama ndi kubwerekamo: "Ngongole ndili nazo ndithu, koma ndikusungako pang'ono kumbali." Munthu amawanena akumwetulira, kudikira kuti ndimuyamikire. Ndikafunsa kuti ngongoleyo ili kuti, mawu amatsika: kwa wakatapila wa kuseri kwa msika, kapena ku magulu awiri a banki m'khonde. Abale anga, kumeneko si kusunga ayi. Ndi kutunga madzi ndi ndowa yobooka.

Vuto lonse lagona pa mawu awiri amene anthu sawamvetsera akamatenga ngongole: pa mwezi, pa chaka. Banki ikanena kuti chiwongoladzanja ndi 30 peresenti, ikunena pa chaka. Pa K100,000 ndiye kuti mukuonjezera pafupifupi K2,500 mwezi uliwonse. Gulu la banki m'khonde likanena kuti 20 peresenti, likunena pa mwezi, ndiye kuti K20,000 mwezi uliwonse pa K100,000 yomweyo. Anthu amamva 20 n'kuona ngati yachepa kuposa 30, pamene yaposa kasanu ndi katatu. Wakatapila akanena kuti 50 peresenti, ndi K50,000 pa mwezi. Mukamangopereka chiwongoladzanjacho chaka chathunthu, mwamupatsa K600,000, ndipo K100,000 yake ija ikadali chilili, akuifunabe yonse.

Tsono ikani pambali pake ndalama imene mukuti mukusunga. Akaunti wamba ya ku banki imabereka maperesenti ochepa pa chaka chonse, ochepa kwambiri kuyerekeza ndi momwe mitengo ya zinthu ikukwerera. Ya pa Airtel Money kapena Mpamba mumadziwa nokha kuti siionjezereka kwenikweni, ndipo poichotsa amakudulani. Palibe malo achilungamo m'dziko muno amene ndalama yosunga ingathamange kuposa chiwongoladzanja cha katapila. Palibe.

Pali mphunzitsi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Bambo ake atamwalira kumudzi, anafunika bokosi, galimoto yonyamula maliro ndi chakudya cha anamfedwa, zonse tsiku limodzi. Anathamangira kwa wakatapila n'kutenga K150,000, n'kusiya khadi la ATM ndi nambala yake yachinsinsi ngati chikole. Malipiro akangolowa, wakatapila ankayamba ndiye kupita ku makina, n'kuchotsa K75,000 yake, yotsala n'kumutumizira mwini wake pa foni. Yotsalayo sinkakwana lendi ndi chakudya, ndiye mkuluyu anakakongola ku banki m'khonde ya aphunzitsi anzake. Nthawi yobweza kumeneko itakwana, anauza akazi ake kuti akamutengere ina ku gulu lawo la kumpingo, akuti ndi ya feteleza.

Atafika kwa ine anabwera ndi envulopu yakhaki yothothoka m'mbali, m'kati muli timapepala ta m'kope ya ana asukulu, tolemba ndi bolopeni yofiira. Tikuwerengera limodzi, anatulutsa mwamanyazi sitetimenti ya akaunti ina ku banki ina. Munali K200,000. Ndinamuyang'ana osakhulupirira. Anati, "Imeneyo ndi ya malata, achimwene, sindingaikhudze." Munthu anali ndi ndalama yothetsera katapila tsiku loyamba lomwe, n'kutsalako K50,000, koma anaisunga miyezi yonseyo uku akupereka K75,000 mwezi ndi mwezi. Pofika nthawi imeneyo kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti, mu November 2023, ndipo malata amene ankawalota aja anali atakwera mtengo moti K200,000 sikanagula chiwerengero chimene ankafuna. Analuza uku ndi uku. Chimene chimandipweteka si ndalamazo ayi, koma kuti mkuluyu anali membala wathu, masheya anali nawo, ndipo ofesi yathu ankaidutsa tsiku lililonse popita kuntchito. Manyazi okha ndi amene anamuchedwetsa. M'mwezi wa December gulu la akazi ake likugawana, mayiwo anabwerako chimanjamanja chifukwa masheya awo anagwidwa, ndipo m'pamene anadziwa zoona zake. Banjalo linagwedezeka kwambiri.

Ndiye mukandifunsa poyambira, ndikuuzani kuti yambani ndi pepala ndi mnzanu wa m'nyumba. Lembani ngongole zonse, ngakhale ya pa golosale ndi ya alamu anu ija mumayesa kuti anaiwala. Pa iliyonse lembani zinthu ziwiri: ndalama yotsala, ndi ndalama imene ikukudyani mwezi uliwonse popanda kuchepetsa ngongoleyo. Chitani zimenezi akazi anu kapena amuna anu ali pompo. Ngongole zambiri zimene ndimaziona zitafika poipa ndi zobisa, chifukwa wobisa amakongola ina kuti aphimbe yoyamba.

Kenaka menyanani ndi imene ikudya kwambiri pa mwezi, osati imene mwini wake akukuwa kwambiri. Zinazo muzipereka zimene munagwirizana kuti musagwe m'chilango, koma kwacha iliyonse yapadera ipite kwa wakatapila mpaka khadi libwerere m'thumba mwanu. Ngati muli ndi ndalama ya malata, ya njinga yamoto, ya chinkhoswe, ichotseni lero mukalipire. Ndikudziwa kuti zimawawa. Mutakhala mphunzitsi uja, K75,000 imene ikanapita kwa wakatapila mwezi wamawa ndi imene idzabwezeretse malata anu, ndipo m'miyezi itatu mudzakhala mwaposa K200,000 ija.

Apa ena amandimva molakwa, n'kuganiza kuti ndikuti musatsale ndi kanthu. Ayi. Siyani kandalama kochepa kadzidzidzi, kokwanira thiransipoti yopita kuchipatala usiku, mankhwala ku famase pamene kuchipatala cha boma akuuzani kuti atha, kapena ulendo wa kumaliro. Munthu sapita kwa wakatapila chifukwa chofuna sofa. Amapita chifukwa mwana watentha thupi pa 20 mwezi usanathe. Kandalama kameneka ndi kotseka khomo limenelo, ndipo sikayenera kukhala pa foni imene mumagulira mayunitsi ndi kubetchera mpira. Za kubetcha sinditaya nazo nthawi, mukudziwa kale.

Za wakatapila ndionjezere ichi. Ntchito yobwereketsa ndalama imafuna chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo ambiri mwa awa a kuseri kwa msika alibe. Malamulo athu amalolanso khoti kuunikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake chapyola muyeso. Khadi ndi lanu, mukhoza kupita ku banki kukalitseketsa n'kutenga lina. Koma musatenge mawu angawa ngati chilolezo chothawa. Ndalama munatenga ija ibwezeni, pamaso pa mboni, ndipo alembe kuti yatha.

Ngati ndinu membala wa SACCO, bwerani tikambirane zotenga ngongole imodzi yotsika mtengo yoti iphe zodula zonse. Ma SACCO ambiri m'dziko muno ali pansi pa MUSCCO, bungwe la mgwirizano wa ma SACCO limene lilipo kuyambira 1980, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha ndalamayo ikapita kumene mwanena. Ndaonapo anthu akulandira ndalama yophera katapila Lachisanu, Lolemba n'kubwera ndi foni yatsopano, katapila akadali moyo. N'chifukwa chake ine ndimafuna kuona umboni wakuti mwalipira. Ena amati ndine wovuta. Zilibe kanthu.

Ogwira ntchito m'boma, inu ndiye ndikuchenjezeni mwapadera za ngongole zodula ku malipiro. Amakutsatani mpaka ku sitafu rumu, fomu ili m'manja, n'kumati "topu apu" ilipo, ndalama ilowa mawa. Topu apu si mphatso. Ndi ngongole yatsopano imene yameza yakale, n'kutalikitsa zaka zobweza, nthawi zambiri ndi zolipira zina zatsopano pamwamba. Musanasaine funsani funso limodzi: pamapeto pake ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi? Akayamba kuzungulira, bwezani bolopeni.

Ndipo mukaona kuti mwezi uno simukwanitsa, musazimitse foni. Pitani kwa amene anakukongozani tsiku lolipira lisanafike. Wobwera yekha timakhala naye pansi n'kukonza ndondomeko ina. Wothawa timayamba kuitana omuikira umboni, anzake a kuntchito amene anangomuchitira chifundo, n'kuyamba kudula masheya awo. Kuyambira pamene lamulo la mabungwe osunga mbiri ya ngongole linakhazikitsidwa mu 2010, dzina la wosabweza silithera pa ofesi imodzi. Mudzalipeza likukudikirani ku banki ina tsiku limene mudzafune ngongole ya nyumba.

Ngongole zodula zikatha, m'pamene nkhani yosunga imayamba kukhala ndi tanthauzo. Ndalama imene inkapita ku ngongole isabwerere mu ndiwo. Uzani akuntchito kapena banki kuti izidulidwa tsiku lomwelo la malipiro, musanaione. Koma ndi kwacha yathuyi, imene inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 isanagwenso chaka chotsatira, kuunjika ndalama yambiri mu akaunti wamba kwa zaka n'kudzipusitsa. Gawo lina liikeni mu masheya a SACCO, funsani ku banki yanu za akaunti yotsekera miyezi kapena ma Treasury bill, njira yokongozera boma ndalama kwa miyezi ingapo, ndipo gawo lina lisandutseni zinthu zimene mukudziwa kuti mudzazigula basi. Chimanga chogula mu May kapena June, chothira mankhwala bwino, chimakupulumutsani ku mtengo wa mu January ndi February. Feteleza wogula mvula isanayandikire, fizi yolipiriratu teremu isanayambe, kumenekonso ndi kusunga. Banki m'khonde sindikuida ayi, yathandiza amayi ambiri amene banki sinawayang'anepo. Muzisungako ndithu. Koma gulu limodzi, osati atatu, ndipo musakongole chifukwa choti anzanu akukukakamizani kuti ndalama isagone m'bokosi.

Otsala ndi awa amene amanunkhiza munthu wa ngongole ali patali. Wina akulemberani pa WhatsApp kuti ikani K50,000, pakatha sabata mulandira K150,000, bola mubweretse anzanu atatu. Wina pa Facebook ali ndi zithunzi za galimoto, akuti amachita malonda a ndalama zakunja pa intaneti ndipo akuchitirani inu. Wina wapachika chikwangwani pa mtengo wa magetsi kuti ndi sing'anga wochulukitsa ndalama. Wina akuti ngongole yanu yavomerezedwa, mungotumiza kaye K15,000 ya fomu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, n'cholinga choti akachitire umboni kumpingo ndi kuntchito, ndipo tsiku lina nambala ija siipezekanso. Reserve Bank yakhala ikuchenjeza za anthu otere mobwerezabwereza, koma amene wapanikizika samva, amaona ngati wapeza njira yachidule yothetsera ngongole zonse kamodzi. Ndalandirapo anthu amene anakongola ku banki m'khonde kuti akaike kumeneko, ngongole imodzi n'kusanduka ziwiri. Aliyense wofuna ndalama zanu mufunseni chilolezo chake cha ku Reserve Bank, ndipo mukatsimikize nokha, osadalira chithunzi chimene wakutumizirani pa foni. Wobwereketsa weniweni safuna nambala yanu yachinsinsi, ndipo sakuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala ya munthu musanaone ofesi yake.