Mzere wa mavaucha a nyumba: mafunso amene atichulukira ku ofesi

Chiyambire pamene anthu anayamba kukhamukira m'kaunti (dera longa boma) muno, foni ya ku ofesi yathu ya mavaucha a nyumba sikupuma. Mafunso ambiri ndi okhudza pulogalamu ya boma la America ya Housing Choice Voucher, yomwe ambiri amangoti Section 8. Tayankha amene akubwera mobwerezabwereza.

Vaucha imeneyi imagwira ntchito bwanji?

Ofesi imalipira gawo la lendi kwa mwininyumba ndi ndalama zochokera ku HUD, unduna wa boma la America woona za nyumba, ndipo inu mumalipira lotsalalo, kawirikawiri pafupifupi 30 peresenti ya zomwe banja lanu limapeza.

Ndakhala muno zaka zambiri. Bwanji anthu obwera dzulodzuloli ali nane pamzere umodzi?

Funso ili ndi limene limabwera ndi mkwiyo, ndipo tikumvetsa. Malamulo a HUD amalola ofesi kuika patsogolo anthu okhala m'dera lake ngati yalemba zimenezo m'ndondomeko yake. Koma salola kukaniza munthu kulembetsa chifukwa choti akukhala kunja kwa kaunti, ndiponso salola kuwerengera zaka zimene munthu wakhala m'deramo. Choncho amene anabadwira muno ndi amene watsitsa katundu mwezi watha, pamaso pa lamulo onse ndi okhala muno. Munthu wogona kaunti ina koma akugwira ntchito muno, kapena wauzidwa kuti walembedwa ntchito muno, nayenso amawerengedwa chimodzimodzi.

Ena amati tikukondera alendo. Lamulolo sitinalembe ndife, ndipo kalaliki wa pawindo alibe mphamvu yokweza dzina la aliyense. Dziwaninso kuti mwa mabanja olandira vaucha koyamba chaka chilichonse, 75 peresenti ayenera kukhala ovutikitsitsa pachuma. Mwina mnansi amene wakudumphaniyo wadutsira pamenepo. Sitingakuuzeni za fayilo ya munthu wina.

Anthu akuchuluka, nanga mavaucha bwanji sakuchuluka?

Ndalama zake amavomereza ndi a Congress, nyumba ya malamulo ya America, chaka ndi chaka, ndipo zambiri zimapita ku mavaucha amene alipo kale. Chiwerengero cha anthu chikakwera pa kalembera, monga wa 2020, vaucha yatsopano sibwera yokha.

Koma enanso akusamuka. Malo awo amapita kuti?

Si onse amene amasiya malo. Lamulo limalola banja kusamuka ndi vaucha yake kupita kulikonse m'dziko muno kumene kuli ofesi yoyendetsa pulogalamuyi. Ofesi yolandirayo ikasankha kulitenga banjalo pa ndalama zake, kuno kumatseguka malo. Ikasankha kumatitumizira bilu mwezi ndi mwezi, ndiye kuti banja lapita koma tikulilipirirabe, mzere osasuntha. Kwa amene mumalembetsa muli kunja kwa kaunti poganiza zotenga vaucha n'kubwerera nayo kwanu: ofesi ikhoza kufuna kuti mukhale muno miyezi 12 kaye.

Kuchoka kwa anthu sikutanthauzanso kuti nyumba zatsala zopanda anthu. Ana awiri akapita kukasaka ntchito kwina, makolo amakhalabe m'nyumba yomweyo.

Ndingatani kuti dzina langa lisafufutidwe?

Mukasamuka, tiuzeni adiresi yatsopano polemba. Kalata yathu ikabwerera osayankhidwa, dzina likhoza kuchotsedwa.

Ndalandira vaucha, koma nyumba zonse lendi yake yaposa malire. Zikutheka bwanji?

Apa sitikana, vuto lilipo. HUD imatulutsa chaka chilichonse muyezo wa lendi wa dera lililonse, wotchedwa Fair Market Rent, ndipo ofesi kawirikawiri imaika malire ake pakati pa 90 ndi 110 peresenti ya muyezowo. Muyezowo umachokera ku kafukufuku wa m'mbuyomo. Anthu akabwera ambiri nthawi imodzi, eni nyumba amakweza lendi msanga, manambala a boma n'kumatsalira.

Mukhoza kutenga nyumba yoposa malirewo n'kuwonjezera kuchokera m'thumba mwanu, komabe polowa koyamba gawo lanu lisapitirire 40 peresenti ya zomwe mumapeza monga ofesi yawerengera. Likapitirira, sitingavomereze nyumbayo ngakhale mutalonjeza kuti mukwanitsa. Kupatsa mwininyumba ndalama zapambali kuti lendi ioneke yotsika papepala n'koletsedwa, ndipo mukhoza kulandidwa vaucha.

Vaucha imakhala ndi masiku osachepera 60 osakira nyumba. Ngati masiku akutha musanaipeze, lembani kalata yopempha nthawi ina tsikulo lisanakwane, ndipo muonetse nyumba zimene mwayesa. Timaunika pempho lililonse palokha, ndipo sitilonjeza kuti onse adzawonjezeredwa.